Mdzukulu Amene Anatula Sipanala

A Lameck Gwedeza ndi bambo wamfupi, wa mapewa otambalala, amene manja ake sayera ngakhale tsiku la mapemphero. Kutchalitchi kwathu ku South Bend amakhala benchi yakumbuyo, ndipo ukapatsana nawo moni chikhatho chako chimatsala ndi kafungo ka dizilo. Tili ana tinkawatcha Ankolo Kombaini. Sankakwiya nalo dzinalo, poti ntchito yawo ndi imeneyodi. Amatenga makombaini akale, makina akuluakulu okololera chimanga amene eni ake anawataya kuseri kwa mashedi, n'kuwasandutsa makina opopera mankhwala m'munda, aatali miyendo ngati kakowa, oti n'kudutsa pamwamba pa chimanga chachikulu osathyola phesi.

Kwawo ndi ku Ntchisi. Umakaniko anauphunzirira pa esiteti ya fodya ku Kasungu, akukonza mathalakitala amene zipangizo zake zinasiya kalekale kupezeka. Kuno anabwera kutsatira akazi awo, mayi Ida, amene anadzaphunzira unamwino. Monga ambiri a ife, anayambira kunyumba yosamalira okalamba, kunyamula nkhalamba, kuzisambitsa, kuzidyetsa. Nkhalamba ina mwa izo inali mlimi wakale, ndipo mwana wake, Duane, ankabwera kudzaiona atavala ovolosi. Iye ndi a Lameck anayamba ndi nkhani za mainjini m'khonde, anamaliza ndi ubwenzi. Duane anawapatsa shedi yopanda ntchito pafamu pake, kumwera kwa tauni, ndipo a Lameck sanabwererenso kukanyamula nkhalamba.

"Kombaini imafera m'mimba, Madalo," anandiuza tsiku lina. "Mtima ndi miyendo zimatsala zamoyo. Imagwira ntchito mwezi umodzi pachaka, injini ingathe bwanji? Zimene zimatha ndi zam'katizi, zopuntha ndi zopeta."

Ndiye iwo amaitumbula ngati mbuzi. Amachotsa chimutu chodulira, amasolola zam'mimba zonse, m'malo mwake n'kukhazikamo thanki ya mankhwala. Kutsogolo, pamene panali chimutu, amamangapo mapiko awiri achitsulo, aatali kwambiri, okhala ndi timilomo topopera. Kenako amakweza thupi lonse pa miyendo yowotcherera okha, n'kuika matayala opyapyala, otalikirana molingana ndi mizere ya m'munda. Alimi ang'onoang'ono, amene sangakwanitse makina atsopano, ndiwo amawafuna. Pachaka amapanga amodzi, zikayenda awiri.

Ine kuno ndinabwera ndili wamng'ono. Nditamaliza koleji ndinapita ku Lilongwe ndi maganizo oti ndikakhazikike, koma kumeneko ankanditcha mzungu, ndipo nditabwerera chaka chatha ndinapeza kuti kunonso nsapato sizikundikwana. Ndinalibe galimoto, ndinalibe ntchito yeniyeni. N'chifukwa chake zimene ndikusimbazi ndinaziona ndi maso: ndinali munthu yekhayo wopanda shifiti.

Duane anamwalira m'nyengo yozizira, mtima unangoima ali pakhomo. Anasiya mkazi wake, Melissa, ndi minda ya chimanga, ndi kombaini yofiira imene inaleka kukolola zaka zapitazo. Chaka cham'mbuyo mwake chimanga chawo chinagwidwa ndi matenda amene avuta kumpoto kwa Indiana kuno, a timadontho takuda ngati phula pamasamba. Akalowa, masamba amauma chimanga chisanakhwime, ndipo maso ake amatuluka opepuka ngati mankhusu. Mankhwala alipo, koma amafuna kupopera pa nthawi yake, chimanga chikangotulutsa ngayaye, pamene chatalika kuposa munthu ndipo thalakitala wamba sangalowemo. Opopera aganyu ndi ndege zawo amayamba ndi mafamu akuluakulu. Akamafika kwa munthu ngati Melissa, matenda amakhala atadya kale.

Melissa ananena poyera kuti chaka china choterocho sangachipirire. Chimanga chikafanso, minda aipereka kwa ena, iye akakhale kwa mwana wake ku Ohio. A Lameck anamulonjeza pa manda a Duane pomwepo, chipale chofewa chili m'maondo, kuti ngayaye zisanatuluke kombaini ya mwamuna wake idzakhala itaima pa miyendo yatsopano, ndipo sadzadikiranso munthu.

Pofika mu Julaye ntchito inali itatsala pang'ono. Thanki inali m'malo, miyendo itawotchereredwa. Kunatsala kumanga mapiko, kulumikiza pampu ndi mapaipi, ndi kuyesa. Chimanga cha Melissa chinali chitafika m'khosi. Ndiye foni inalira, yochokera ku Lawrence, mbali ya kumpoto chakum'mawa kwa Indianapolis: a Edmond amwalira.

Mayi Ida amati amuna awo atamva anapukuta sipanala imene inali m'manja, n'kuigoneka pabenchi pambali pa zinzake, n'kutseka chitseko cha shedi.

A Edmond anali dalaivala wa galimoto yotengera odwala kuchipatala, munthu wamtali, wa phwete lomveka kunja kwa nyumba. Mudzi wawo ndi wa a Lameck ku Ntchisi walekanitsidwa ndi kamtsinje, ndipo midzi iwiriyi imaikana maliro kuyambira makolo. Kukagwa zovuta tsidya lino, a tsidya linalo ndiwo adzukulu: amasambitsa thupi, amakumba manda, amanyamula bokosi, ndipo ali ndi ufulu wonyoza ofedwa mpaka aseke. Awiriwa anaubweretsa kuno unansi umenewu. Akakumana pa zochitika za Amalawi, tonse tinkadziwa kuti ziyambika.

"Lameck, chepetsa kudya iwe! Ndilibe msana wokunyamulira."

"Iwe dandaula zako. Ndi kutalika kumeneko, bokosi lako ndidzachita kuwotcherera awiri."

"Udzandiika ndi manja akudawo? Ndidzadzuka, ndikuuza."

"Ukadzadzuka ndidzakumanga ndi mabawuti."

Ndinakwera nawo galimoto kupita ku Indianapolis, mayi Ida atatsala kuti amalize shifiti. Msewu wonse chimanga chinali mbali zonse ziwiri, chobiriwira mpaka kumene maso alekezera, ndipo m'minda ina ngayaye zinali zitayamba kusuzumira. A Lameck ankayang'ana kutsogolo kokha.

"Ankolo, nanga makina a Melissa aja?"

"Adikira."

"Mubwerera mawa kukamaliza?"

"Maliro ali pabwalo, khasu siligwiridwa."

"Koma ankolo, kuno ndi ku Indiana. Aliyense amene tikamupeze uko, mawa m'mawa akaklokina kuntchito."

"Iwowo ndi okhuza. Ine ndine mdzukulu. Mdzukulu sachoka munthu wake asanalowe m'nthaka."

"Ngakhale ku Lilongwe anthu amangofika, kupepesa, n'kubwerera ku ofesi."

"A ku Lilongwe," anatero, akunditcha dzina limene anandipatsa nditabwerako, "Lilongwe ndi mudzi wa ndani?"

Iwo, ndikuganiza, ankawerengera zakwathu, kumene munthu akamwalira lero, mawa kapena mkuja waikidwa, ndipo anthu abwerera kumunda udzu usanakule.

Kunyumba ya a Edmond mipando ya pabalaza inali itakankhidwira kukhoma. Amayi anakhala pansi atavala zitenje, atazungulira namfedwa, mayi Atupele. Abambo anali m'galaja, pa mipando yopinda yobwereka kutchalitchi. A Lameck asanalowe anathyola kanthambi ka mtengo wa pakhomo n'kukagoneka m'mphepete mwa msewu, pafupi ndi bokosi la makalata. Kwathu masamba amayalidwa modutsa msewu kuti odutsa adziwe. Kuno kanthambi kamodzi ndi kamene angalole aneba.

Ntchito yawo anaigwira mokwanira. Anapita kunyumba yosungira maliro n'kukakambirana ndi eni ake mpaka anawalola kuti adzamuveke okha mnzawo suti. Ankalandira alendo, ankalozera pokhala, ankakalipira achinyamata oimika magalimoto pa kapinga wa eni. Kulira kukakula pabalaza, ankasuzumira pakhomo.

"Mayi Atupele, nkhuku ya adzukulu ili kuti? Kapena mwamuna wanu anadya zonse asanapite? Tikunyanyalani ife, mumunyamula nokha, ndipo mudziwa kuti anali wamtali."

Mayi Atupele ankaseka misozi ili m'masaya, amayi ena n'kumawathamangitsa ndi mpango.

Vuto linali tsiku loika. A Edmond ananeneratu kuti adzaikidwe konkuno, pafupi ndi ana awo. Koma mkulu wawo, a Lyson, mlimi wa ku Ntchisi amene sanaonane nawo chichokereni, anaimba foni akulira kuti asamukwirire mng'ono wawo iwo asanaone nkhope. Analibe pasipoti, analibe viza. Ana a malemu anayamba kuthamangitsa mapepala, ndipo yankho limene linabwera linali loti zonse zikayenda bwino, a Lyson angafike cha mu Ogasiti. Thupi kuno silivuta, limagona mozizira mwezi wathunthu. Amavutika ndi amoyo.

Akuluakulu anaitanitsa msonkhano m'galaja masana a Lachitatu. M'mawa wa tsiku lomwelo a Lameck anandipatsa foni yawo kuti ndiwakulitsire chithunzi, poti magalasi anaiwala ku South Bend. Chinali chochokera kwa Melissa. Tsamba la chimanga lili pachikhatho, ndipo pa tsambapo timadontho takuda, ngati munthu wawazapo phula ndi burashi. Kumbuyo kwake ngayaye zili yakayaka. Pansi analemba mawu ochepa: zayamba, kumunda wa kumunsi.

Anayang'ana nthawi yaitali, n'kuika foni m'thumba.

Pamsonkhano anthu anagawikana. Ena ankati tiike Loweruka lomweli, a Lyson aonere pa vidiyo, anthu atopa ndipo mabwana kuntchito ayamba kufunsa. Ena ankati ayi, magazi ndi magazi. Mwana wamkulu wa malemu ankangoyang'ana pansi. Potsiriza abusa anatembenukira kwa a Lameck.

"Adzukulu, thupi lili m'manja mwanu. Mukuti bwanji? Mawu anu ndi amene titsate."

Ine ndinali chiimire pakhomo lolowera kukhitchini, ndipo ndinkadziwa zimene ena onse sankadziwa. Akanati Loweruka, palibe akanawadzudzula. Lolemba akanakhala ali m'shedi, ndipo sabata isanathe mankhwala akanakhala ali pamasamba.

A Lameck anapukuta nkhope ndi chipewa.

"Munthu sasanzikana ndi mng'ono wake pa foni," anatero. "Tidikira a Lyson."

Madzulo ake anaimbira Melissa ali panja, ine ndili pafupi. Anamuuza m'Chingerezi chawo chodekha kuti m'bale wawo wamwalira.

"Pepa kwambiri, Lameck," anatero Melissa. Mawu ake ankamveka bwino pa foniyo. "Maliro ndi liti?"

"Mwina mwezi wamawa."

"Mwezi wamawa? Chabwino, ndiye bwera masiku angapo, umalize, ubwererenso. Ndi maola ochepa pa msewu."

"Sindingathe kugwira chitsulo iye asanaikidwe."

"Ndani wakuletsa?"

"Palibe."

Melissa anati amva, n'kudula. Tinamva pambuyo pake kuti anaimbira opopera aganyu onse a m'dera lawo, ndipo aliyense anamulemba kumapeto kwa mzere. Anafunsanso makaniko wina ngati angamalize makinawo. Munthuyo anakayang'ana mapaipi ndi miyendo yowotcherera pamanja ija, n'kunena kuti zimenezi akudziwa ndi mwini wake yekha.

Masiku anayamba kudutsa. Nyumba ya siwa inkadzaza madzulo n'kuphwa m'mawa, anthu akusinthana ndi mashifiti awo, ena akubwera atavala kale yunifolomu ya kuchipatala. Mayi Ida ankabwera n'kumabwerera. A Lameck okha ndiwo sanachoke. Ankagona pa matiresi m'galaja. M'mawa uliwonse ndinkawapeza ataima pa kapinga, akuyang'ana mame pa nsapato zawo. Kunja kunali chinyezi chokhachokha, ndipo matenda aja chakudya chake ndi chimenecho. Chimene ndinaona n'chakuti manja awo anayamba kuyera. Mizere yakuda ya m'zikhatho inafufutika, zikhadabo zinaoneka mtundu wake, ndipo iwo ankawabisa m'matumba ngati manja obwereka.

Ndinawayambanso kamodzi. Ndinati mwambo umenewu anaupangira maliro a kumudzi, osati a dziko la mafiriji. Anandiyang'ana mopanda mkwiyo.

"Ukunena zoona mwina. Koma Edmond ali yekha m'kabati yachitsulo, m'dziko la eni. Amene akudziwa dzina la agogo ake kuno ndine. Ndimusiye ndikathamangire chimanga?"

"Chimanga cha munthu amene munamulonjeza."

"Eya," anatero. "Ndiye usaganize kuti ndikugona tulo."

Sabata yachiwiri ili mkati, masana ena, pakhomo panaima pikapu yafumbi. Anatsika Melissa, mayi wa imvi zometa mwachidule, atanyamula mbale yaikulu yovindikira ya chakudya chophika mu uvuni, monga achitira anthu a kuno pa maliro. Anaona nsapato zili mulu pakhomo, n'kuvula zake. Anaona amayi ali pansi, n'kugwira khoma, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka anakhala nawo, maondo akulira. A Lameck anaimirira m'galaja, koma sanalowe.

Sanabwere kudzadandaula. Anauza mayi Atupele kuti iyenso anaika mwamuna wake chaka chomwechi, ndipo Lameck anaima naye pamanda anthu ena onse atathawira m'magalimoto chifukwa cha kuzizira. Amayi awiriwo anagwirana manja. Mayi Atupele anafunsa za kunyumba, Melissa n'kuyankha kuti kuli bwino.

"Sikuli bwino," anatero mayi Ida m'Chichewa, ali pakona. "Chimanga cha mayiyu chikufa. Makina oti achipulumutse ali m'shedi, atsala pang'ono, ndipo amuna anga akukana kuwagwira mpaka alamu ataikidwa. Anandiletsa kunena. Ndanena."

Mayi Atupele anatuma mtsikana kuti akaitane adzukulu. A Lameck anabwera n'kunjuta pakhomo la pabalaza, chipewa chili m'manja. Namfedwa salankhula mokweza pa siwa, ndipo iwo sanakweze mawu, koma nyumba yonse inamva.

"A Gwedeza, zimene ndamvazi n'zoona?"

"N'zoona, mayi."

"Tsiku lija munati tidikire a Lyson, munali mukudziwa?"

"Ndinali ndikudziwa."

"Mwatichitira ulemu. A Lyson adzakuthokozani okha. Tsopano nyamukani, mukamalize ntchito ya mayiyu."

"Mayi, mukufuna ndidzamuveke Edmond suti ndi manja a girizi?"

"Kodi Edmond anakudziwani ndi manja ena?"

Amayi ena anaseka pang'ono, n'kudzigwira pakamwa. A Lameck sanaseke.

"Kwathu sizichitika," anatero.

"Kwathu ndi kuti, a Gwedeza? Amayi ake a Edmond atamwalira ku Ntchisi, tsiku loika iye anadiraiva odwala kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ankalira pa maloboti, ikayaka yobiriwira n'kupukuta maso. Mukuganiza kuti sanawalire amayi ake?"

"Ameneyo anali iyeyo."

"Chabwino. Nanga mdzukulu satumidwa? Ine namfedwa ndikukutumani. Sindikufuna kuti mayiyu akamadzadutsa m'munda wouma azidzakumbukira dzina la mwamuna wanga. Edmond sanaphe chimanga cha munthu ali moyo. Musamuphetse atagona."

Melissa ankayang'ana uku ndi uku osamva kanthu. A Lameck, akadali chinjutire, anawomba m'manja mofatsa, kawiri, n'kutuluka.

Sananyamuke tsiku lomwelo. M'mawa mwake anandiuza kuti ndiwaperekeze kunyumba yosungira maliro. Anatilowetsa m'kachipinda kozizira, n'kutisiya. Ine ndinaima kukhomo. A Lameck anayandikira, n'kuika dzanja lawo loyera lija pa nsalu.

"Iwe wamtali," anatero. "Moyo wako wonse unkachedwa, ndi pano ukuchedwabe. Mkazi wako wandithamangitsa. Ndikupita kukamanga mapaipi, ndibweranso. Usasunthe."

Anaima pang'ono, n'kutembenuka, ndipo tinalunjika kumpoto.

Sipanala ija anaipeza pamene anaisiya. Anagwira ntchito masiku angapo osaweruka bwino, Melissa akuwagwirira zitsulo ndi kuwapatsira mabawuti. Atamanga mapiko anadzaza thanki ndi madzi okha n'kuyesa pabwalo. Timilomo tiwiri tinali totseka, paipi imodzi inkadontha. Anakonza, n'kuyesanso, kenako anathira mankhwala.

Ndinaiona ikulowa m'munda. Kombaini yofiira ya Duane, imene inakhala zaka ikuchita dzimbiri namsongole atamera m'matayala, inatambasula mapiko ake n'kuyamba kuyenda pamwamba pa ngayaye. Matayala sankaoneka. Kanyumba ka dalaivala kokha ndi kamene kankayandama pa chimanga ngati bwato, nkhungu yopyapyala ikutsika kumbuyo kwa mapiko. Ulendo woyamba anayendetsa a Lameck. Wachiwiri anakwera Melissa, pa mpando umene mwamuna wake anaukhalira mpaka unachita dzenje, ndipo sanatsike mpaka thanki inatha.

Koma anali atachedwa. Minda ya kumtunda, kumene mphepo imaumitsa mame msanga, inali ndi timadontho pa masamba a m'munsi okha, ndipo mankhwala anaigwira. Munda waukulu wa kumunsi, wa m'mbali mwa ngalande, unali utapita. Masamba anali atauma mpaka pamwamba ngati wadutsamo moto, pamene mwezi wokolola unali kutali. A Lameck anapoperamo ndithu. Melissa anawauza kuti akungotaya mankhwala, iwo n'kupitiriza mpaka mzere womaliza. Atatsika anasamba m'manja ndi sopo wa m'shedi, n'kubwerera ku Lawrence, ku matiresi awo a m'galaja.

A Lyson anafika mu Ogasiti, bambo wowonda, wamtali ngati mng'ono wawo, atavala jekete lobwereka. A Lameck anamuveka Edmond suti yake ya buluu, n'kutsegula bokosi. A Lyson anayang'ana nkhopeyo nthawi yaitali. Anaigwira pachipumi, n'kunena kuti, "Wakalamba ngati bambo." Kenako analira, ndipo palibe anawaletsa.

Kumanda dzenje linali lokumbiratu ndi makina, dothi ataliphimba ndi kapeti wobiriwira. Mwambo utatha, ogwira ntchito pamandapo ankadikira kuti tichoke kuti akwirire. A Lameck anapita kukalankhula nawo, ndipo anabwerako ndi mafosholo awiri. Imodzi anapatsa mnyamata wa kwawo ku Ntchisi amene amaphunzira ku Indianapolis, inayo anagwira okha. Anavula jekete. Mayi wina wachikulire pafupi nane ananong'oneza mnzake kuti taonani zikhadabo za mdzukulu, zakuda bii, zikuoneka kuti anapita kuntchito maliro ali m'nyumba. A Lameck anakwirira mpaka dothi linafika pamwamba, n'kulisalaza ndi kumbuyo kwa fosholo.

A Lyson asanabwerere anapempha kuti akaone minda ya kuno, poti mlimi sangapite dziko la eni n'kubwerako ataona nyumba zokha. Tinawatengera kwa Melissa. Anazungulira makina aja kawiri, akugwira miyendo yake, akugwedeza mutu. Anakwera makwerero n'kuyang'ana chimanga cha kumtunda, chobiriwira, chitabereka. Kenako maso awo anagwera kumunsi.

"Nanga uko kwapsa ndi chiyani?"

A Lameck anawauza zonse, mosachepetsa. A Lyson anatsika pang'onopang'ono. Analowa m'munda wouma uja, nathyola chimanga chimodzi, nachisenda. Maso ake anali ofota, otalikirana. Anachiyeza pachikhatho.

"Munda wonsewu chifukwa cha ine?"

"Chifukwa cha ine," anatero a Lameck. "Inu munangopempha kuona m'bale wanu."

"Koma adzukulu, inunso! Kwathu komweko masiku ano, maliro akachedwa kudikira wa ku Joni, anthu amazemba m'mamawa kukapalira. Ngakhale adzukulu amene. Timangoyang'ana kumbali."

"Chichokereni ine zinasintha?"

"Zinasintha kalekale. Inu mwasunga za nthawi ya agogo."

A Lameck anaseka pang'ono, koyamba chiyambire zonsezi, koma kuseka kwake sikunafike patali.

"Palibe anandiuza," anatero.

A Lyson anapita pamene panaima Melissa. Chingerezi alibe, ndipo sanandipemphe kuti ndimasulire. Anavula chipewa, n'kugwada pa fumbi, chimanga chofota chija chili m'manja. Melissa anadzidzimuka, n'kuyang'ana kwa ine, kenako anawagwira pamkono kuti adzuke. Chimanga chija a Lyson anachiika m'thumba la jekete, ndipo ndikumva kuti anapita nacho ku Ntchisi.

Atakolola mu Okutobala, za kumtunda zinakwanira kuti Melissa asapite ku Ohio. Munda wa kumunsi sunabweze ngakhale mbewu, ndipo anaupereka kwa mlimi wina wa pafupi. Unali munda umene Duane anayambira ulimi. Melissa sanawanenepo kanthu a Lameck, ndipo shedi akadali nayo. Chaka chino muli kombaini ina, yobiriwira, yotumbula kale.

Msewu wopita kushediko umadutsa m'mbali mwa ngalande ija. Mayi Ida amati pali njira ina yachidule, yodzera kumtunda, imene amuna awo ankadzera kale. Masiku ano amadzera ya kumunsi, m'mawa ndi madzulo, ndipo akafika pa munda uja amachepetsa liwiro.